Rimoti ili m'thumba la agogo

Dziko lino linatha zaka 35 likudzilamulira lopanda wailesi yakanema yakeyake. Lero amene anakula khutu lili pa wailesi ndiwo saphonya nthawi ya pologalamu. Kodi amaonera chiyani, ndipo amafunamo chiyani?

Kunyumba kwa makolo anga ku Lunzu rimoti sigona patebulo. Imakhala m'thumba la jekete la bambo, lomwe lija ankavala popita m'kalasi asanapume pantchito ya uphunzitsi. Manambala a pamabatani ake anafufutika kalekale, chotsekera mabatire anachimanga ndi mphira, koma dzuwa likangolowa, nsima isanaphulidwe n'komwe, mumawaona akuisolola pang'onopang'ono ngati mfumu ikutenga ndodo yake popita kubwalo la milandu. Adzukulu amene anali pa makatuni amadziwa okha kuti yawo yatha. Amatsika pampando n'kukakhala pamkeka.

"Nkhani kaye," amatero bambo. Sanena kawiri.

Mayi salimbana nawo. Amadziwa kuti nkhani zikatha, bambo akakalipira nduna ziwiri zitatu ndi kukonza Chingerezi cha wowerenga nkhani, tulo timawaba ali chikhalire. Apo mpamene mayi amakodola mdzukulu: "Tatenga kanthu kaja m'thumba mwa agogo akowo. Usawadzutse." Ndiye pamabwera sewero la ku Zambia la bambo wamitala, mayi akusenda nandolo, maso ali m'lichero, koma osaphonya ngakhale liwu limodzi.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti amaonera bwanji osayang'ana.

"Iwe, munthu wonama ndimamumva mawu," anatero. "Nkhope n'njachiyani?"

Yankho limeneli lakhala likundizungulira m'mutu. Achikulire athu saonera kanema monga timaonera ife. Amaonera ndi khutu, amaonera pa nthawi yake, ndiponso amamuyankha wolankhulayo. Ukalondola zimene amakonda, kuyambira pa nkhani mpaka pa makwaya, upeza kuti chimene akusaka m'bokosimo ndi anthu ocheza nawo.

Khutu linatsogola

Munthu wa zaka 70 lero anabadwa m'zaka za m'ma 1950. Anaphunzira, analowa m'banja, anabereka, ena mpaka kunyamula adzukulu, asanaonepo kanema wa dziko lake. Anzathu otizungulira anayamba kale. Ku Zimbabwe, nthawiyo kukutchedwa Southern Rhodesia, kanema anayamba mu 1960. Ku Zambia anayambira ku Kitwe mu 1961, ndipo ku South Africa anafika mu 1976. Kuno boma la Kamuzu Banda linatha zaka 30 osakhazikitsa kanema. Television Malawi, imene tonse tinkangoti TVM, inatsegulidwa mu Epulo 1999, mu ulamuliro wa Bakili Muluzi, ndipo patapita zaka anaiphatikiza ndi MBC.

Sikuti anthu sankaona zithunzi zoyenda. A mu Blantyre ankapita ku Apollo. Kumidzi kunkafika galimoto zachikasu za alangizi a zaulimi, n'kuonetsa kanema pabwalo la sukulu, mudzi wonse utakhala pafumbi. Amene anakagwira ntchito ku Joni, ku Salisbury kapena ku migodi ya ku Zambia ankabwera ndi nkhani za bokosi lokhala ndi anthu m'kati. Koma zonsezi zinali za apo ndi apo. Cha tsiku ndi tsiku inali wailesi ya MBC, imene inayamba mu 1964, ikulira m'kawailesi ka Nzeru komwe mabatire ake ankayanikidwa padzuwa kuti akhaleko masiku ena awiri.

Wailesi ija inalera mtundu wonse. M'mawa Tadzuka Sitidziwa Anzathu, kenako mapologalamu a ulimi, Zokonda Amayi, Nyimbo za M'maboma. Mauthenga achisoni akayamba, aliyense ankasiya chimene akuchita, poti dzina lotsatira likhoza kukhala la kwanu. Usiku Nkhani za M'maboma, zoseketsa ndi zochititsa nthumanzi m'mbale imodzi. Masewero ngati Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino ankasonkhanitsa makomo anayi asanu pakhonde la mwini wailesi.

M'menemo munachokera zizolowezi zitatu zimene achikulire anabwera nazo pa kanema. Choyamba, pologalamu ili ndi nthawi yake, ndipo munthu wakhalidwe amaidikira. Chachiwiri, samvera munthu ali yekha. Chachitatu, wolankhulayo ndi mlendo wako: ukhoza kumuvomereza, kumutsutsa, ngakhale kumuseka. Mdzukulu amene amaonera tizidutswa ta masekondi 30 pafoni, zomvera zili m'makutu, sangamvetse chifukwa chimene agogo amakanira kupita kukagolosale nthawi ya nkhani ikayandikira.

Tisaiwalenso kuti kanema akadali wa ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti makomo osapitirira 12 mwa 100 aliwonse ndiwo anali ndi kanema, pamene wailesi inali pakhomo limodzi mwa atatu. Agogo ambiri akumudzi amaonera akapita kwa mwana wawo m'tauni kukadikira tsiku la kuchipatala, kapena kwa mphunzitsi woyandikana naye amene ali ndi sola, kapena pakafoni ka mdzukulu. Amene amaonera tsiku ndi tsiku ndi monga bambo angawa: aphunzitsi, anamwino, apolisi, makalaliki a m'boma ndi a m'makampani amene anapuma atakwanitsa zaka 60, n'kukapezeka ndi chinthu chimene sanakhalepo nacho, tsiku lathunthu lopanda belu.

Nkhani ndiyo ofesi yatsopano

Munthu amene kwa zaka 35 ankadzuka m'mamawa, kumanga tayi, kukafika pamalo pamene mawu ake anali ndi ntchito, sizimuthera tsiku limodzi. Akapuma, nkhani za pakanema ndizo zimakhala ofesi yake. Bambo amaonera za Chichewa, kenako za Chingerezi, kenako amasintha kuti amve mmene Times, Zodiak kapena Mibawa ainenera nkhani yomweyo imene MBC yanena kale. Ife timati akubwereza. Iwo amati akuyerekeza, monga ankachitira pochonga mayeso: awiri akalemba zofanana ndendende, wina wakopera, akasiyana kwambiri, wina wanama.

Ndipo nkhani kwa iwo si masewera. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, munthu wa penshoni anaimva mawa lake lomwe pa mtengo wa shuga, wa mankhwala a BP, ndi wa thumba la feteleza. Wamalonda amakweza katundu wake, wapantchito amakakambirana ndi bwana, koma wapenshoni alibe kolowera. Akamatchera khutu nduna ya zachuma ikuwerenga ndondomeko ya chuma m'Nyumba ya Malamulo, amakhala akuwerengera m'mutu ngati mwezi uno afika kumapeto.

Nyumba ya Malamulo yomweyo ndi sewero lawo lalikulu la masana, nthawi imene ana ali kusukulu ndipo makolo awo ali kuntchito. Amadziwa phungu amene amangodzuka pofuna kusokoneza mnzake, amene amapempha mlatho womwewo chaka ndi chaka, ndi amene sanamvekepo mawu chilowereni. M'badwo uwu unaona nyumba ya chipani chimodzi, unavota pa riferendamu ya 14 Juni 1993, ndipo umadziwa kuti kukuwizana kumene ife timanyansidwa nako kunali kosatheka nthawi ina. N'chifukwa chake amadandaula nako koma osazimitsa.

Mlandu wa chisankho cha 2019 unaonetsa poyera kuti khutu lija likadali lakuthwa. Kwa miyezi anthu ankamvera maloya ndi mboni pawailesi, omasulira akutembenuzira m'Chichewa, mawu ngati madando ndi tipeksi n'kulowa m'macheza a pachitsime. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anawerenga chigamulo kuyambira m'mawa mpaka usiku. Achinyamata ankangofunsa pafoni kuti "zatha bwanji?" Achikulire anakhala pomwepo tsiku lonse, ena osadya nkhomaliro.

Amakondanso macheza aatali, amene munthu mmodzi amafunsidwa kwa ola lathunthu: Times Exclusive, Tiuzeni Zoona pa Zodiak, kapena Cruise 5 ya Joab Frank Chakhaza, mmene munthu amafotokoza kumene anabadwira, sukulu zimene anadutsa ndi mavuto amene anakumana nawo. Apa bambo sagona. Wofunsidwayo akatchula sukulu ya mishoni kapena chaka cha njala, mumamva, "Eya, nthawi imeneyo ine ndili ku Domasi." Mbiri ya mlendo wa pakanema imatsegula chitseko cha mbiri yawo.

Ndiye pali maliro. Wachinyamata angadabwe kuti munthu angaonere bwanji mwambo wa maliro maola asanu. Koma kwathu maliro salirira kutali, ndipo amene miyendo yafooka, kanema ndiye amamufikitsa pasiwa. Kamuzu atamwalira mu Novembala 1997 anthu anamulira ndi khutu, poti TVM kunalibe. Koma Bingu wa Mutharika poikidwa ku Ndata mu Epulo 2012, ndi Saulos Chilima ku Nsipe mu Juni 2024, m'makomo ambiri amayi anakhala pansi atamanga chitenje ndi duku, monga akanachitira akanakhala komweko. Mayi anga sanalole kuti wina adutse kutsogolo kwa kanema akuseka. Ngakhale maliro a Mfumukazi Elizabeth mu Seputembala 2022 anawaonera mpaka kumapeto, akukumbutsana ndi bambo za ulendo wake wa kuno mu 1979.

Manganya, Mama G ndi bambo wamitala

Pa masewero, dzina loyamba kutuluka pakamwa pa achikulire ndi Tikuferanji. Seweroli, limene bungwe la ADRA linaliyambitsa pofuna kuphunzitsa za Edzi, linafika nthawi imene pafupifupi banja lililonse linali litaika mwana kapena m'bale, koma matendawo osatchulidwa dzina pamaliro. Manganya, amene ndi Michael Usi, ankanena pakanema zimene apongozi sakanatha kunena kwa mkamwini. Anthu ankaseka, kenako n'kukhala chete. Agogo ambiri amene analera ana amasiye a nthawi imeneyo amaliona seweroli ngati mnzawo amene anali nawo pamavuto. Usi atalumbira kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu Juni 2024, m'makomo ambiri ankangoti "Manganya uja," ngati akunena mwana wa pamudzi.

Chimodzimodzi Izeki ndi Jakobo. John Nyanga, Izeki uja, anatisiya mu 2016, Eric Mabedi, Jakobo uja, mu 2021, koma tizithunzi tawo takale tikaulutsidwa, agogo amaseka asanamalize n'komwe chiganizo. Nthabwala zawo zinali za Chichewa chakupsa, chokhala ndi mikuluwiko ndi mawu okuluwika, chimene mwana amaseka mbali imodzi, wamkulu n'kuseka mbali ina.

Mafilimu a ku Nigeria analowa kudzera m'matepi ndi m'madisiki, kenako pa Africa Magic. Chimene chinakoka achikulire si nyumba zosanja za ku Lagos ayi. Anaonamo mudzi umene akuudziwa: kulimbirana ufumu, kulanda chuma cha masiye, mpongozi wovuta, mwana amene wapita m'tauni n'kuiwala kwawo. Patience Ozokwor, amene ambiri amangomuti Mama G, anasanduka dzina la mpongozi aliyense wankhanza. Pete Edochie akayankhula mwambi atakhala pampando wake wachifumu, bambo amagwedeza mutu n'kupereka wathu wofanana nawo. Chinedu Ikedieze ndi Osita Iheme, Aki ndi Pawpaw aja, anaseketsa agogo ndi mdzukulu pa mphasa imodzi.

Panali nthawi imene madzulo anali a Generations, sewero la ku South Africa limene Mfundi Vundla analiyambitsa mu 1994, pamodzi ndi Isidingo ndi Muvhango. Makomo ambiri ankazipeza pa madikoda aulere, mpaka cha mu 2013 pamene eni ake anatseka njirayo. M'malo mwake munalowa masewero a Telemundo, a amwenye a pa Zee World, ndi a pa Zambezi Magic. Mwa onsewa, Mpali, la ku Zambia lija, limene linayamba mu 2018, linafika amayi pamtima mwa njira yakeyake. Nkhani yake ndi ya Nguzu, mlimi wolemera wa akazi ambirimbiri pa famu imodzi, ndipo Chinyanja chimamveka m'menemo pakati pa Chibemba ndi Chingerezi. Mayi safuna womasulira. Amadziwa mitala, osati ya m'buku: anakulira pafupi nayo, anaweruzapo milandu yake monga ankhoswe ndi alangizi a kumpingo. Akamaonera, amakhala ali pantchito.

"Ameneyu ndiwo zake wathira kanthu," amatero, mkazi wachitatu asanafike n'komwe patebulo. Nthawi zambiri amalondola.

Masewero a amwenye ndi ena. Chingerezi chake chimathamanga, ndiye mdzukulu wa Fomu 2 ndiye amakhala womasulira: "Agogo, akuti mwana uja si wake, anasinthanitsa kuchipatala." Mayi amaomba m'manja, "Ndinanena ine!" Zimene amakondamo n'zodziwika: banja lalikulu m'nyumba imodzi, mpongozi wolamula kukhitchini, ukwati wokambirana akuluakulu, achinyamata ogwada pamaso pa makolo. Dziko lakutali, milandu yake yomweyi. Anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa, aja amathira nthabwala zawozawo pamwamba pa mawu a eni ake, anazindikira msika umenewu kalekale, ndipo makadi awo a m'foni afika kumidzi kumene dishi sinafike.

Pali chinsinsi china chimene mabanja ambiri amachidziwa koma sachinena pagulu: agogo aakazi ndi masewera ogwetsana a ku America. Mayi wa Mvano, waulemu wake, amene sanakwezepo mawu pamsonkhano, mumupeze John Cena atapanikizidwa pakona. Mukayesa kumuuza kuti n'zokonzeratu, mwaputa mlandu.

Kwaya, mpira ndi ng'oma za kwathu

Lamulungu m'mawa, kapena tsiku lililonse mwendo ukatupa, tchalitchi chimabwera pabalaza. Akatolika ali ndi Luntha TV ya ansembe a Montfort ku Balaka, a Seventh Day ali ndi Hope Channel, Asilamu ali ndi TV Islam, ndipo mawailesi enawo amadzaza m'mawa wa Lamulungu ndi maulaliki ndi makwaya. M'chaka cha 2020, Covid-19 itachititsa kuti misonkhano ichepetsedwe ndipo okalamba akulangizidwa kukhala pakhomo, ambiri anazolowera kupemphera ndi kanema, buku la nyimbo lili pamiyendo. Makwaya ndiwo amawafika pamtima: amayi a yunifolomu akuvina mondondozana m'mbali mwa nyanja kapena pa kapinga wa hotela, nyimbo zake zomwe zija anaimba ali atsikana. Ndirande Anglican Voices, Kamuzu Barracks, Alleluya Band ya ku Balaka, zonsezi zikamveka mayi amasiya lichero.

Emmanuel TV ya T.B. Joshua inali ndi nthawi yake, mwini wake asanamwalire mu Juni 2021. M'makomo ena inkakhala yoyatsa usana ndi usiku. Aneneri ena ambiri atsata njira yomweyo, ndipo apa mpofunika maso a ana. Munthu wa shuga kapena BP amene watopa ndi mizere ya kuchipatala ndi wosavuta kumukopa kuti agwire galasi la kanema n'kutaya mapilitsi. Pemphero silinakanizepo munthu kumwa mankhwala. Mwana amene amalipirira makolo dikoda azifunsanso ngati botolo la mankhwala likutsika monga mwa masiku ake.

Mpira ndi wa bambo ndi anzawo awiri amene amabwera Loweruka masana, wina wa Maule, wina wa Manoma, udani wa zaka 50 umene sunaphetsepo munthu. Amaonera ligi ya ku England ngati wina aliyense, koma mtima uli pa Flames. Gabadinho Mhango atachinya chigoli chakutali chija pokumana ndi Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022, bambo anadumpha n'kuiwala ndodo. Koma mpira ukangozizira, nkhani imabwerera kwa Kinnah Phiri, Jack Chamangwana, Lawrence Waya, Ernest Mtawali, ndi zikho za East and Central Africa za 1978 ndi 1979. Chodabwitsa n'chakuti zigoli zambiri zimene amazifotokoza mwatsatanetsatane sanazione ndi maso. Anazimva pawailesi. Mpaka lero, Flames ikamasewera, amatsitsa mawu a kanema n'kuyatsa wailesi pambali, poti kwa iwo mpira wopanda mawu ngati a Steve Liwewe Banda ndi ndiwo zopanda mchere.

Miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala ndi ya miyambo. Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, kumene Achewa a maiko atatu amakagwada kwa Kalonga Gawa Undi. Umthetho ku Hora. Umhlangano ku Ntcheu. Gonapamuhanya ku Rumphi. Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde. Mawailesi akamaulutsa miyambo imeneyi, agogo amasanduka mphunzitsi. Amadziwa ng'oma imene yalakwika, chilombo chimene chatuluka nthawi yosayenera, ndi mtsikana amene wavina chisamba ngati akuvina za pafoni. Nthawi zina amakhumudwa kuti zakudambwe zafika poonetsedwa masana kwa aliyense. Koma sachoka pampando.

Zimene bokosi limawamana

Ngakhale ali okhulupirika chotere, achikulire sawerengedwa. Theka la anthu a dziko lino ndi ana osafika zaka 18, ndipo otsatsa malonda amathamangira achinyamata. Zotsatira zake zimaoneka. Owulutsa ambiri amalankhula mothamanga, Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi pa mawu atatu aliwonse, nyimbo ikugunda pansi pa mawu mpaka khutu lokalamba silitolapo kanthu. Malemba oyenda m'munsi mwa kanema ndi aang'ono, ndipo diso la ng'ala siliwaona. Rimoti yamakono ili ndi mabatani 40, pamene agogo amafuna anayi.

Mtengo nawo ndi mpanda. Ndalama ya dikoda ya mwezi ndi mwezi imapikisana ndi mayunitsi a magetsi ndi mankhwala. M'makomo ambiri amalipira ndi mwana wa ku Lilongwe, wa ku Johannesburg kapena wa ku Leeds, ndipo akachedwa, agogo sanena kuti dikoda yatha. Amaimba foni n'kufunsa za umoyo wa adzukulu, kenako n'kuponyamo, "Kunotu tangokhala, kuli zii." Wanzeru amamva. MultiChoice itaimitsa DStv m'dziko muno mu Ogasiti 2023 pokangana ndi bungwe la MACRA pa nkhani ya mitengo, mpaka kudzabwerera patatha miyezi ingapo, amene anasowa mtengo wogwira kwambiri si achinyamata, poti iwo ali ndi intaneti. Anali agogo amene sewero lawo linadukira pakati. Madikoda a Kiliye Kiliye, amene amanyamula mawailesi a konkuno pa mtengo wotsikirapo, ndiwo apulumutsa makomo ambiri a apenshoni.

Koma chachikulu n'chakuti agogo akadziona pakanema, amadziona ali ndani? M'mafilimu ambiri, a ku Nigeria ngakhale athu omwe, nkhalamba ya imvi ndi maso ofiira ikangotulukira, mwana aliyense amadziwa kuti mfiti yafika. Tikhoza kuseka, koma dziko lino ndi lomwe lija anthu anayi okalamba anaphedwa ku Neno mu Januwale 2016 powaganizira ufiti, ndipo mabungwe ngati MANEPO akhala akudandaula chaka ndi chaka za nkhanza zotere. Kanema sanayambitse chikhulupiriro chimenechi, ndipo lamulo la 1911 loletsa kunenerana ufiti ndi lakale kuposa iye. Koma chithunzi chobwerezedwa usiku uliwonse pamaso pa ana chimathirira mbewu imene inamera kale. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza achikulire mu 2024. Olemba masewero nawo ali ndi gawo lawo: agogo amene akulera ana asanu amasiye ndi ndalama ya mtukula pakhomo ndi nkhani yokwana sewero la chaka chathunthu, ndipo sanailembe.

Palinso chuma chimene chikutayika tikuona. Popeza kanema anabwera mochedwa, Allan Namoko, Robert Fumulani ndi oimba ena ambiri a nthawi yawo tinatsala nawo m'mawu okha, zithunzi zoyenda n'zosowa. Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930, anachita mwayi: atajambulidwa akuimba ndi Patience Namadingo mu 2020, dziko lonse lapansi linadzamudziwa ali ndi zaka zoposa 90. Nanga anzake angati, oimba, azamba, asilikali akale, aphunzitsi a sukulu za mishoni, amene anapita ku Wenela, akupita kumanda ndi nkhani zawo kamera ili m'tauni kujambula mpikisano wa kuvina? Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, timatero. Koma dambo losapitako munthu limangomera bango.

Kunyumba nako tisanamizane. Kanema ndi wabwino, koma ndi mlezi waulesi. N'zosavuta kugulira makolo sikirini yaikulu n'kumadziona ngati tawasamala. Munthu wokhala pampando kuyambira m'mawa mpaka usiku miyendo imauma, shuga amakwera. A zaumoyo amalangiza mphindi 150 pa sabata zoyendayenda kapena kugwira kantchito kotulutsa thukuta pang'ono. Bambo chimene chinawapulumutsa ndi kadimba ka kuseri ndi mbuzi zawo zitatu. Mayi, Mvano wa Lachinayi ndi maliro a m'mudzi.

Zinazo Loweruka

Mwezi wathawu ndinagona ku Lunzu. Bambo anali atayamba kale kuwodzera, rimoti itabedwa mwa nthawi zonse, sewero la mitala lili pakati. Mkazi wamng'ono anali atangolowa m'chipinda cha mkazi wamkulu, m'manja muli kanthu kokulunga. Magetsi anazima.

Adzukulu anadandaula. Wina anayatsa tochi ya foni. Mayi sanasiye kusenda nandolo.

"Palibe chachilendo apa," anatero mumdimamo. "Akaika pansi pa mphasa. Ndi mmene anachitira mkazi wachiwiri wa amalume awo a agogo anuwa."

Bambo anadzidzimuka. "Amayi, si pansi pa mphasa paja. Munali m'nkhokwe."

"Inu munali kusukulu ku Domasi, mukudziwapo chiyani? Ndinaona ndine."

Ndiye inayambika. Chaka cha njala, ng'ombe ziwiri, mkazi wochokera kutsidya kwa Shire, mlandu umene unafika kwa gulupu. Maina ena ndinkawadziwa, ndi a pamitanda ya kumanda kwathu, koma sindinkadziwa kuti eni ake anakondapo, anachitapo nsanje, ananamapo. Adzukulu anasendera pafupi. Wa Fomu 2 uja, womasulira wa masiku onse, ndiye anali kufunsa tsopano: "Ndiye anatani, agogo?" Sindikudziwa pamene sewero la ku Zambia linathera ndi pamene mbiri ya banja lathu inayambira, ndipo ndikukayika ngati anawo anaona msoko wake.

Nkhani itafika pamene gulupu anaitanitsa nkhokwe kuti ipasulidwe anthu akuona, magetsi anabwera. Kanema anayaka yekha. Bambo anapapasa m'thumba, n'kupeza mulibe kanthu, n'kutambasula dzanja kwa mdzukulu osanena liwu. Nkhani zomaliza zinali zitayamba.

"Mayi, nanga m'nkhokwemo anapezamo chiyani?" ndinafunsa.

Anakutumula makoko a nandolo pachitenje, nanyamula lichero lawo, akumwetulira ngati munthu amene waphunzira kanthu kwa anthu a masewero aja.

"Ubwere Loweruka," anatero. "Ubwere ndi ana."